Tsitsi Labwerera Kwawo

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuwotcha tsitsi la akazi a ku Tanyard, dera lathu la anthu akuda, m'khitchini mwanga, koma mwamuna woyamba kukhala pampando wangawo anali Rayford Pettaway, chibwenzi cha mng'ono wanga Ozella. Linali Lachisanu, m'Januwale wa 1947. Analowera khomo la kuseri ngati wodzapempha mchere, atanyamula kathumba ka pepala.

"Alamu, ndithandizeni," anatero.

"Ulamu wake uti? Ababa anakulola liti?"

Anaseka, n'kukhuthulira kathumbako patebulo. Munali kachitini ka soda wowotcha uja, mbatatesi ziwiri ndi mazira awiri. Aliyense ku Tanyard amadziwa ntchito ya zinthu zitatuzi zikakumana m'mbale imodzi. Ndiwo mankhwala amene anyamata oyimba m'mabala amapaka kumutu kuti tsitsi ligone ngati la mzungu, ndipo likagona limagoneratu mpaka litamera lina.

Rayford anabwera kuno ku Caldmont chaka chatha, atangochoka kunkhondo. Kwawo ndi ku Halifax, kum'mawa kwa North Carolina. Ndi wamtali woti pakhomo langa amachita kuwerama, ndipo khungu lake ndi loyererako kwambiri, nkhani ya agogo ake aakazi imene banja lawo silikonda kuikamba. Basiketibolo amaidziwa, zimenezo ngakhale adani ake sakana. Koma anyamata athu amasewerera pafumbi kuseri kwa tchalitchi, n'kumaponya mpira mumkombero wa mgolo wokhomedwa pamtengo. Holo ya matabwa onyezimira ndi ya fakitale ya masokosi ya Dunmore, ndipo lamulo loyamba la ligi ya mafakitale limati osewera akhale azungu okhaokha.

"Timu ya Dunmore yagonja kasanu ndi kawiri motsatizana," anatero Rayford. "Kochi wawo, a Stroup, anayimitsa galimoto patchalitchi sabata yatha, n'kundiona ndikulowetsa khumi ndi umodzi osaphonya. Akuti lamulo limaletsa akuda, koma silinena kanthu za anthu a ku Cuba. Kuyambira mawa ndine Ramon Ortega. Chingerezi sindimva. Wina akandilankhula ndizingomwetulira."

"Nanga azungu a kuno sakudziwa nkhope yako?"

"Alamu, mzungu anayamba wayang'anapo munthu wakuda kumaso? Amangoona manja basi."

Pamenepo sanandinamize. Kenaka anatsitsa mawu n'kutchula mtengo wake wa zonsezi. Azikagona m'kachipinda kumtunda kwa tawuni, asapondenso ku Tanyard mpaka Epulo, ndipo asapatse moni munthu wakuda aliyense. Ligi ikatha, a Stroup adzamulembera kalata yoti akayesedwe ku timu ina ya kumpoto.

"Aliyense?"

Sindine ndinafunsa. Ozella anali atayima pakhomo la kuchipinda, manja atapinda pachifuwa. Mwa ana a bambo athu, Ozella ndiye anatenga khungu la malemu amayi, lakuda bii ndi losalala, ndipo anatenganso khosi lawo losadziwa kuwerama.

* * *

"Ndi miyezi itatu yokha, Zella," anatero Rayford, ataimirira.

"Ndikakumana nawe pamsewu waukulu, undipatsa moni?"

"Ndidzakuyang'ana. Udzadziwa kuti ndakuona."

"Galu wa kwa a Stroup nayenso amandiyang'ana."

"Usandipweteke choncho. Ine ndinawoloka nyanja kukamenyera dziko lino nkhondo, ndabwera n'kudzasewera pafumbi, mbuzi zikudutsa pakati pa bwalo. Ndikufuna ndimveko mpira ukudunda pamatabwa. Ndikufuna ndiwaonetse anthu amenewa."

"Uwaonetsa chiyani? Uwaonetsa kuti a ku Cuba amatha mpira."

Ine ndinayamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Ndikuchitira ife tonse awiri," anatero Rayford pomaliza. "Tikapita kumpoto palibe adzatiuze khomo lolowera. Bambo ako akuti ndilibe tsogolo. Tsogolo lake ndi limeneli."

"Tsogolo loyamba ndi kundikana ine?"

Apa Ozella anasintha malankhulidwe, ndipo ine amene ndinamulera ndinadziwa kuti zinthu zavuta. Anasiya kunena iwe. Anapisa dzanja m'khosi n'kuvula kachingwe kakuda kamene anamangapo mphete yasiliva. Mpheteyi Rayford anamupatsa pa Khirisimasi, ndipo ankaibisa m'kati mwa diresi chifukwa Ababa anali asanalole ukwati. Kupatula awiriwo, ine ndekha ndinkadziwa za mpheteyo.

"A Ortega," anatero, "inu sindikudziwani, ndipo sindilandira zinthu za alendo. Iyi anandipatsa ndi Rayford Pettaway. Mukakakumana naye mum'patse. Akadzabwera yekha, adzandibwezera."

Anaiika pakati pa mazira awiri aja n'kutuluka. Sanamenyetse chitseko. Ndikanakonda akanamenyetsa, chifukwa mkwiyo wachete ndi umene umakhalitsa.

Rayford anatola mphete ija n'kuivala m'khosi. Maso ake anali atafiira. Ndinamumvera chisoni, komanso ndinkafuna kumumenya ndi chiwaya.

"Khala pansi," ndinatero. "Soda wakoyu sindikupaka. Amawotcha chikopa cha kumutu, mawa ungakalowe m'bwalo ndi zilonda. Ndikuwongola ndi chipeso cha moto, mmene ndimachitira ndi azimayi. Ubwere m'mawa ndidzabwerezenso."

"Ligona bwinobwino?"

"Ligona ngati la pachithunzi."

Sindinaname. Koma pali chinthu chimene mkazi wakuda aliyense amachidziwa asanakwanitse zaka khumi, chimene amuna sachidziwa chifukwa amangoona tsitsi lathu likatha kukonzedwa. Tsitsi lowongola ndi moto limadana ndi madzi. Likangomva mvula, nthunzi kapena thukuta, limapotananso mmene Mulungu analilengera. Ife timati labwerera kwawo. N'chifukwa chake Lamulungu kutchalitchi timadzikupiza mwamphamvu chonchija, si kuti ulaliki watigwira mtima.

Ndinaika chipeso pamoto osamuuza kanthu. Mundiweruze mmene mungafunire.

* * *

Madzulo amenewo tinakadya kwa Ababa, ndipo patebulo tinapezapo Wendell Askew. Wendell ndi mwana wa a Askew oika maliro. Amavala suti ngakhale Lachiwiri, amanunkhira mafuta a maluwa, ndipo wakhala akufunsira Ozella kwa zaka ziwiri moleza mtima ngati munthu wodziwa kuti aliyense amadzafika kwa iye tsiku lina. Ababa amamukonda. Ine ndimati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bambo athu, a Elbert Threadgill, ndi dikoni kutchalitchi, ndipo akhala akusesa ndi kukolopa holo ya Dunmore kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Matabwa onyezimira amene Rayford ankawalota aja amanyezimira chifukwa cha msana wawo. M'zaka zonsezo sanakhalepo pampando uliwonse m'holomo.

"Ndamva kuti Dunmore yapeza katswiri wochokera ku Cuba," anatero Wendell, akupaka batala pachigumu. "Akuti amafanana kwambiri ndi munthu wina amene tonse timamudziwa."

Ozella anangopitiriza kudya nyemba zake.

"Ndamuona masana akuyesa yunifomu," anatero Ababa. "Anandidutsa ngati ndine tsache. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Munthu wokana mtundu wake adzakana mkazi wake, adzakananso ana ake akadzabadwa akuda. Ozella, ndinakuuza kalekale. Munthu ameneyo ine sindimudziwa, ndipo dzina lake lisamvekenso m'nyumba muno."

"Dzina lake liti, Ababa? Ali ndi awiri tsopano."

"Usandiyankhe mwachipongwe."

"Pepani. Koma mawa ndikupita kukaonera mpira."

"Kukatani?"

"Ndikufuna andikane ndili pomwepo. Zongomva sindifuna."

Wendell anapukuta pakamwa. "Ndikuperekezani, a Ozella. Galimoto yabwino ija bambo apita nayo ku Raleigh, koma ina ija ilipo ngati simuopa."

"Ya maliro?" ndinafunsa. "Wendell, mtsikana umamutenga pagalimoto ya maliro kamodzi kokha, ndipo sathokoza."

Ababa anandiyang'ana moopseza, koma ndinaona kuti masharubu awo agwedezeka pang'ono.

* * *

Loweruka masana tinakwera masitepe a kuseri kupita kukhonde lathu la m'mwamba, limene azungu amalitcha chisa cha akhwangwala. Linali litadzaza. Ku Tanyard chinsinsi chimayenda msanga kuposa basi, ndipo aliyense ankafuna kumuona mbale wathu wa ku Cuba. Ozella anavala diresi yake yachikasu n'kukhala kutsogolo kwenikweni, pachitsulo chotchinga. Wendell anakhala pambali pake ndi kapepala ka mtedza wokazinga.

Pansi pathu azungu anali thithithi. Ababa anayima pakona ya bwalo ndi chikolopa chawo, okonzeka kupukuta thukuta likadontha pamatabwa. Wolengeza atatchula Ramon Ortega wa ku Havana, Rayford anathamangira m'bwalo, tsitsi lili see, lopesedwa chammbuyo, likunyezimira. Ntchito ya manja anga inali yokongola, ndisabise. Sanayang'ane m'mwamba ngakhale kamodzi. Ndinaona zala za Ozella zikufinya chitsulo chija.

Koma mpira utayamba, ngakhale ife amene tinabwera ndi mkwiyo tinaiwala kupuma. Anyamata a timu ya ku Ransford ankangogwira mphepo. Rayford ankawazungulira, kuwanamiza kumanzere n'kudutsa kumanja, kudumpha n'kuusiya mpira mumkombero mofatsa ngati akuika dzira m'dengu. Azungu omwe sakanamulola kumwa madzi pampopi wawo anali kuyimirira n'kumakuwa kuti, "Ortega, Ortega." Mtsikana wina watsitsi lofiira anamuponyera mpango.

"Taonani, wapeza kale wina," anatero Wendell. "Mtedza, a Ozella?"

"Idyani nokha."

Chigawo choyamba chisanathe, mayi Hightower amene amakhala kuseri kwa nyumba yanga anandigwira phewa.

"Verlene, mutu umenewo wakonza ndiwe?"

"Ndine."

"Ndi moto?"

"Ndi moto."

"Ambuye akukhululukire, mwana iwe," anatero, n'kubisa nkhope m'chikwama, mapewa akugwedezeka.

Linayambira m'khosi, monga limachitira nthawi zonse. Titsitsi ta pankhongo tinayamba kupotana, kenaka ta m'mbali mwa makutu. Holo inali yotentha, mawindo otseka, ndipo Rayford ankathamanga kuposa onse. Amayi a m'khonde mwathu anayamba kugwirana m'nthiti. Amuna ankafunsa kuti chikuseketsa n'chiyani, osayankhidwa. Pofika pakati pa chigawo chachiwiri, mutu wonse unali utadzuka, wathu weniweni, wa ku Halifax. Madzi saiwala khwawa.

Ozella yekha sankaseka. Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Achemwali, mwachita dala."

"Ine ndangopesa. Lasankha lokha."

"Mukudziwa zimene angamuchite anthu amenewa?"

Apo chiseko chinandithera. Kunena zoona, ndinali nditaganiza za kunyada kwa mng'ono wanga, osati za azungu mazana asanu atatsekeredwa m'holo imodzi ndi mnyamata wakuda amene wawapusitsa.

* * *

Kochi wa ku Ransford ndiye anayimitsa masewero. Analowa m'bwalo, n'kupita kwa Rayford, n'kupisa zala m'tsitsi lake ngati akusankha nkhosa pamsika. Rayford anangoyima, mpira uli m'khwapa. Pabolodi panali 48 kwa 31, ndipo mapointi 26 anali ake.

"Uyu ndi wa ku Cuba ngati mmene ine ndilili mfumu ya ku England," anatero kochi uja.

A Stroup anathamangira pomwepo, nkhope ili psuu, akulumbira kuti mapepala onse ali nawo. Woyimbira mpira anafunsa Rayford dzina lake. Rayford anamwetulira monga anamuphunzitsira, koma kumwetulirako kunali ngati kwa munthu wodwala dzino. Phokoso linayamba kukula. Kenaka mkulu wina wa ligi, wovala chipewa chotuwa, analoza pakona.

"Itanani mdala wokolopayo. Anthu amenewa amadziwana onse."

Ababa anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo, chikolopa chili m'manja. Holo inakhala chete moti tinkamva nsapato zawo.

"Elbert, akuti ndiwe munthu wa tchalitchi, sunama. Mnyamata uyu umamudziwa?"

Ndinaona mpeni umene anawaika pakhosi. Akati inde, apereka mwana wa eni m'manja mwa gulu lolusa. Akati ayi, anama pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa Tanyard yense, kuteteza bodza limene ankalinyansidwa nalo. A Stroup ankawayang'anitsitsa.

Rayford nayenso anaona zimenezi.

"Asiyeni a Threadgill," anatero. "Funsani ine."

Mawuwo anatuluka m'Chingerezi chathu chomwechi, chokoka ngati uchi, cha m'minda ya fodya. Mayi wina pansi paja anakuwa ngati waona njoka.

"Dzina langa ndine Rayford Pettaway. Kwathu ndi ku Halifax, ndipo agogo anga anabadwira muukapolo. Ku Cuba sindinapondeko. Mapointi 26 amene mwakhala mukuwombera m'manja aja ndi a munthu wakuda." Anakweza mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anayang'ana kukhonde lathu. "Ndipo mkazi amene ndidzakwatire, ngati angandikhululukire, ali m'mwamba umo momwe mwamukhazika. Wavala diresi yachikasu."

Mitu yonse inatembenuka. Ndinafuna kumukokera Ozella pansi, koma iye anaimirira. Sanagwedeze dzanja. Anangoyima chilili, khosi lili njo, kuti aliyense amuone bwinobwino.

Rayford anadunditsa mpira kamodzi pamatabwa aja, n'kuuponya ali pakati penipeni pa bwalo. Unalowa osakhudza chitsulo.

"Amenewa musawalembe pa Cuba," anatero.

"Bwana, funso munafunsa ine," anatero Ababa, ndipo mawu awo anali atalimba. "Dzulo sindinkamudziwa. Lero ndamudziwa."

Anagoneka chikolopa pakati pa bwalo, mosamala, ngati akuchibwezera kwa mwini wake. Botolo loyamba linasweka pafupi ndi mapazi awo. Anamugwira Rayford padzanja n'kuthamanga naye kukakhomo kakang'ono kolowera kuchipinda cha malasha. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zija zinawaphunzitsa makomo amene azungu sadziwa kuti alipo.

* * *

Tinatsika masitepe mogundana. Ozella anamugwira Wendell pamkono.

"A Wendell, galimoto yanu ili kuti?"

"Kodi lero ndasanduka munthu wofunika?"

"Ndikukupemphani. Simunandimvepo ndikupempha."

Wendell anatulutsa makiyi. Aliyense amadziwa kuti kuno apolisi sayimitsa galimoto ya maliro a akuda. Sakonda kusuzumira m'mbuyomo.

Tinawapeza kuseri kwa holo, pamulu wa malasha. Rayford anali akadali m'kabudula wa timu, atafunda jekete ya Ababa. Kutsogolo kwa holo kunkamveka phokoso la anthu ndi magalimoto akulizidwa. Wendell anatsegula chitseko cha kumbuyo, ndipo Rayford anakwera n'kugona pamalo a bokosi, miyendo atapinda chifukwa sankakwanamo.

"Zella," anatero, "ndinalakwa."

Ozella anaika dzanja lake m'tsitsi lonyowa lija, pomwe mzungu uja anagwira, ngati akufufuta zala zake.

"Labwerera kwawo," anatero.

"Alamu ankadziwa."

"Ine ndimadziwa za tsitsi basi," ndinatero. "Za kukamwa kwako sindinayembekezere."

Rayford anayamba kulimbana ndi kachingwe ka m'khosi kaja, koma kanali katakodwa m'malaya. Azungu anayi anatulukira pakona ya holo, mmodzi atanyamula chitsulo chomasulira matayala.

"Zokambirana mudzakamba," anatero Ababa, n'kumenyetsa chitseko. "Wendell, mutulutse m'boma lino. Usathamange. Maliro sathamanga."

Galimoto inanyamuka pang'onopang'ono, n'kudutsa pakati pa anthu anayi aja. Mmodzi wa iwo anavula chipewa.

* * *

Lamulungu m'mawa tinapeza nsapato za ntchito za Ababa ndi kachitini kawo ka chakudya zitaponyedwa pabwalo la nyumba. Ntchito yawo ya ku Dunmore inali itatha. Ababa anazitola, n'kuziika pakhonde, n'kukavala taye yawo ya kutchalitchi. Kenaka anakhala pampando n'kutambasula miyendo ngati munthu amene akuphunzira kukhala pansi.

Wendell anafika tisanapite kumapemphero. Anavula chipewa, nkhope ili ya pamaliro, imene amaidziwa bwino kuivala.

"Ali bwino," anatero. "Ndamusiya pamalo abwino. Koma wandituma mawu ovuta, a Ozella, ndipo ndikanakonda akanatuma wina." Anapisa m'thumba n'kutulutsa kachingwe kakuda ndi mphete yasiliva ija. "Akuti ndikubwezereni mphete yanu. Akuti musamudikire, zatha. Munthu akabweza mphatso ya mkazi, nanunso mukudziwa tanthauzo lake."

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Wendell ankaganiza kuti mpheteyo ndi chikumbutso chimene Ozella anapatsa Rayford, ndipo anaona kuti mawu otsagana nayo akhoza kuwaphika yekha panjira. Za m'khitchini mwanga Lachisanu lija sankazidziwa.

Ozella analandira mphete ija n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Anati mundibwezere?"

"Ndi mawu ake enieni."

"Amenewo ndawakhulupirira. Enawo mubwerere nawo." Anadula kachingwe kaja ndi mano, n'kutembenukira kwa bambo athu. "Ababa, mphete iyi anandipatsa ndi Rayford pa Khirisimasi, ndipo ndakhala ndikuibisa. Lachisanu ndinamubwezera, n'kumuuza kuti akadzakhalanso Rayford Pettaway adzandipatsenso. Wandipatsa. Sindibisanso."

Anaivala pachala, pomwepo, pamaso pa onse.

Ababa anayang'ana mphete, n'kuyang'ana nsapato zawo za ntchito pakhonde paja.

"Ndi yaying'ono," anatero. "Koma ndi siliva weniweni."

Ndinkayembekezera kuti Wendell achita manyazi. Sanachite. Nkhope ya pamaliro ija inachoka, ndipo imene inatsala ndinali ndisanaionepo. Anavala chipewa chake modekha.

"Zabwino zonse," anatero. "Koma muganizirepo chinthu chimodzi, a Ozella. Dzulo madzulo a Stroup anabwera kwathu ndi anzawo atatu aukali kwambiri. Wina anawauza kuti galimoto yathu inanyamula maliro Loweruka, pomwe ku Tanyard sikunafe munthu. Ndawauza kuti abwerenso Lachitatu, mwina ndidzakhala nditakumbukira. Kumene kuli Rayford ndikudziwa ndine ndekha, ndipo sangachokeko popanda ine kukamutenga." Anayang'ana chala cha Ozella. "Ine ndimaiwala msanga zinthu zikamandiyendera bwino. Zaka ziwiri ndakhala ndikudikira yankho lanu. Lachitatu lisanafike ndikhale nditalimva."

Belu la kutchalitchi linayamba kulira. Ababa anadzuka pampando, koma Ozella anawatsogolera. Anapita kukhomo n'kulitsegula yekha, ndi dzanja lovala mphete lija, kuti Wendell aione bwino potuluka.

"Mudzalimva," anatero.

Wendell atatsika masitepe, Ozella anatseka chitseko n'kuchitsamira ndi msana.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "akazi onse a m'boma lino amadutsa pampando wanu, ndipo pampando umenewo palibe amasunga chinsinsi. Galimoto ya maliro siyenda osaonedwa, ndiye wina akudziwa kumene anamusiya Rayford. Kolezani moto, muike chipeso. Tili ndi masiku atatu."